Mbale ya Eliya M'thumba la Ufa

Eliya anamwalira mu Okutobala, nthawi ija ya chitaganya, m'chipatala cha anthu akuda ku Halale. Ine ndi iye tinali a mudzi umodzi ku Kande, ndipo ku Halaleko tinkagona chipinda chimodzi. Ine ndinkaperekera zakudya pa hotela, iye anali telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Munthu akafera kutali chotero thupi limatsala komweko, koma katundu wake amayenera kufika kwawo kuti abale aone ndi maso, akhulupirire, alire maliro bwinobwino. Anzathu a ku Nkhata Bay atakumana sanavutike kusankha wonyamula katunduyo. Anangondiyang'ana onse, ine n'kudziwa kuti ulendo wandigwera.

Katundu sanali wambiri: bokosi lachitsulo la zovala, galamafoni, kachitini ka masingano a galamafoniyo, ndi mbale za nyimbo, zakuda zija zosachedwa kusweka. Ndalama za Eliya zinkathera kumeneko. Inalipo ya anyamata a ku Joni oimba zitoliro zachitsulo, imene ine ndinkaikonda kuposa chakudya. Ikangolira miyendo yanga inkayamba yokha ngakhale nditavala suti ya kutchalitchi. Inalipo ya mayi wina wa ku Bulawayo wa mawu okhuthala, wodandaula za sitima yotenga amuna a eni. Inalipo ya kwaya, imene tinkaliza akabwera akulu a mpingo kuti aone kuti sitinasokere. Zinalipo zina za magitala. Ndiye panali mbale imene inkatikanganitsa.

Anali mzungu wa ku Amereka ndi gitala yake. Nyimboyo inkayamba bwino, koma ikafika pakati mzunguyo ankathyola mawu n'kuwaponya m'mwamba ngati tambala wophunzira kulira. Ine ndinkaida nyimbo imeneyi ndi mtima wonse. Eliya Lamulungu lililonse, tikangobwera kutchalitchi, ankaiika, ndipo pofika pa tambalapo ankanyamula singano n'kuibweza, n'kuibwezanso, mpaka ine n'kutenga chipewa kupita kwa anzanga. Malo amenewo anachita kuyera chifukwa cha kukanda kwa singano.

Chifukwa chake anandiuza ali pabedi la kuchipatala, chifuwa chitamumaliza.

“Yotamu, ukukumbukira sitolo ija ya ku Chintheche inkaliza galamafoni pakhonde? NyaManda ndinamuonera pomwepo. Anzake onse ankaseka nyimbo imeneyi, koma iye anaitsanzira, mpaka kumuposa mzunguyo. Titakwatirana ankandiitana nayo ndikakhala kunyanja, iye ali kumunda wa chinangwa.”

Anatsokomola nthawi yaitali.

“Kwathu akuti ndine mtchona, ndinakwatira Mshona, ndinamuiwala. Iwe ukudziwa kuti ndinkafuna ndipite ndi makina osokera angaanga, osati manja lendelende. Zonsezi ukapereke kwa asibweni, amalume anga aja, agawe mwa mwambo. Koma mbale iyi NyaManda aimve ndi makutu ake. Usailize panjira, yatsala pang'ono kutha.”

Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma munthu wodwala sumuuza zimenezo. Ndinangoti ndamva. Singano imodzi yatsopano ndinaibaya mkati mwa lamba wa chipewa changa, mbale ija n'kuikulunga m'malaya ake.

Ndinanyamuka pa lole yotenga anthu obwerera ku Nyasalande kudzera ku Tete. Dalaivala anali Che Juma, Myao wamfupi wokonda kuseka, amene atangoona galamafoni anati ndikhale kumbuyo kwenikweni kwa iye, ndipo paliponse poima tidzamve nyimbo. Ndinavomera chifukwa kumeneko lole sidumpha kwambiri. Pambali panga panakhala Mayi Nasibeko a ku Ntcheu, amene ankachokera koona mwana wawo ku migodi, atatsamira thumba la ufa limene mpongozi wawo anawapatsa. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

“Inu ndi Mtonga, sichoncho?”

“Mwadziwa bwanji, mayi?”

“Ndani wina angavale tayi pa lole ya fumbi chonchi? Mudzafika ku Tete mutasanduka chulu, koma chulu cha tayi.”

Tayi sindinavule. Ndinkapita kukatula maliro a mnzanga, osati kukagula nkhuku.

Pa Mutoko tinaima kuti injini izizire, ndipo ndinaliza ya zitoliro. Anthu anatsika n'kuyamba kuvina pamsewu pomwepo, ngakhale mkulu wina amene chichokereni ankadandaula msana. Chisangalalocho chinandipweteketsa ndekha. Pokwera, mkulu wa msana uja anadziponya pamene ndinaika mbale ya mayi wa ku Bulawayo, ndipo tinangomva kuti thyo! Anapepesa kwambiri, n'kundipatsa nthochi ziwiri. Ndinazidya, koma mtima unali kuwawa.

Pa chipata cha Apwitikizi anatitsitsa tonse n'kutiimika padzuwa. Mzungu wa pamenepo anali wonenepa, wa ndevu zam'mphuno, ndipo ankalankhula kudzera mwa msilikali wakuda. Mapasi anaona mwachangu, koma atafika pa galamafoni anaitanitsa mpando. Anatulutsa mbale imodziimodzi, kenaka dzanja lake n'kufika pa malaya a Eliya. Atamasula n'kuona dzina la woimbayo nkhope yake inawala.

“Bwana akuti iyi amaidziwa,” anatero msilikali. “Akuti muilize.”

“Auzeni kuti ndi ya munthu womwalira, siilizidwa panjira.”

“Akuti ngati siilizidwa, muisiye pano, ailiza okha.”

Anthu onse a pa lole anandiyang'ana ndi maso oti perekani tizipita. Che Juma anandinong'oneza kuti, “Achimwene, dziko la eni ili. Musatigoneke pano chifukwa cha nyimbo.” Ine thukuta linali kutsika m'khosi mwa tayi muja. Ndinatenga mbale ija mwaulemu, n'kuipendeketsa padzuwa kuti mzunguyo aone poyera paja.

“Auzeni bwana kuti iyi yatha, ingowachititsa manyazi pamaso pa alendo awo. Munthu wamkulu ngati iwo ayenera iyi.”

Ndinapukusa galamafoni n'kuika ya zitoliro, yanga ija yapamtima. Isanafike ndi pakati pomwe phazi la mzunguyo linali kugunda pansi. Anaitenga, n'kutikwezera dzanja kuti tizipita. Patsepatse n'kulanda, koma ndinali nditapereka ndekha, ndiye ndikanadandaulira yani? Lole itanyamuka ndinamva zitoliro zija zikulira m'nyumba mwake, ali ndi galamafoni yakeyake. Sindibisa, ndinatembenukira ku thengo kuti Mayi Nasibeko asaone maso anga.

Ku Tete ndiko tinaona zakuda. Pantoni yowolotsa magalimoto pa Zambezi inali itawonongeka, ndipo malole anali atandandalika mpaka kutali. Amisiri ankati mawa, mawa likafika n'kunenanso mawa. Kutentha kwa ku Tete mwezi umenewo sikufotokozeka. Chitsulo cha lole sichinkagwirika, madzi akumwa ankakhala ngati aphikidwa, ndipo agalu a kumeneko ankangotiyang'ana osauwa. Tinkabisala pansi pa lole, kudya nsomba zouma ndi zigumu zogula kwa amayi a m'mbali mwa mtsinje, amene ankakweza mtengo tsiku lililonse poona kuti kothawira tilibe.

Tsiku loyamba lomwelo Mayi Nasibeko anandiona ndikukupiza malaya a Eliya ndi chipewa. Anandifunsa, ine n'kuwauza nkhani yonse. Anamasula thumba lawo.

“Pisani dzanja umu mpaka m'chigongono.”

Ndinapisa. Pakati pa ufa panali pozizira.

“Mazira ndimayenda nawo chonchi ine. Ikani momwemo. Koma imodzi yokhayo, thumba langa si sitolo.”

Zinazo ndinazisiya m'bokosi lachitsulo pamwamba pa lole, poganiza kuti zovala zizitchinjiriza. Uko kunali kuganiza kwa munthu woperekera tiyi pa hotela. Pantoni itakonzeka, tili tsidya lina, ndinatsekula bokosi n'kupeza mbale zonse zitapindika ngati chikopa choumira padzuwa. Ya kwaya ija inachita kupinda m'mbali monse moti ukanatha kumweramo madzi. Mkulu wa msana anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti tsopano mlandu wake wachepa. Ine sindinaseke. Ndinapisa dzanja mu ufa, n'kupeza ya Eliya ili yowongoka.

Kuchokera pamenepo msewu unatikomera mtima. Tinadutsa Zobwe, tinalowa kwathu pa Mwanza, ndipo ku Blantyre Che Juma anatitsitsa n'kundiuza kuti sanaonepo munthu wa galamafoni woumira ngati ine. Ndinakwera basi ya kumpoto pamodzi ndi Mayi Nasibeko. Pa Ntcheu, asanatsike, anagawa ufa wawo n'kuthira m'kathumba ka nsalu, mbale ija ili pakati.

“Ufawo mukawapatse amasiyewo,” anatero. “Alaweko chakudya chenicheni, osati chinangwa chanu chija chokakamira kukhosi.”

“Kondowole simuidziwa inu, mayi.”

“Sindikufunanso kuidziwa. Pitani bwino, bambo a tayi. Mukafike nayo.”

Ku Lilongwe ndinadikira basi ya ku Mzimba imene inali itapita kukakonzedwa, ndikugona pakhonde la sitolo, kathumba ndili nako pamtima ngati mwana. Ku Kasungu kondakitala anafuna kukaponya pamwamba pa basi pamodzi ndi njinga ndi nkhuku. Ndinamuuza kuti aponye ine, kathumba katsale pampando. Anandiyang'ana n'kuona kuti mutu wa munthu uyu suli bwino, n'kundisiya.

Mvula yoyamba inatipeza titachoka pa Mzimba, tikukwera mapiri a Viphya pa lole ina yonyamula matumba a mchere. Lole inatitimira m'matope mpaka m'mimba. Tinakankha, tinadula nthambi, tinakankhanso, koma inangokhala phee. Kunali kozizira, nkhungu ili thoo, ndipo anthu anayamba kukwiyirana. Mnyamata wina wochokera ku Joni, wa chipewa chopendekera, anaona galamafoni n'kunena kuti nyimbo ingatipatse mphamvu. Ndinawaonetsa mbale zopindika zija. Tinayesa imodzi ya magitala, ndipo inalira ngati mbuzi yomangidwa, singano ikukwera n'kutsika. Anthu anaseka pang'ono, koma masingano a m'kachitini anathera pomwepo.

“Nanga m'kathumbamo muli chiyani?” anafunsa wa ku Joni uja. “Chichokereni ku Mzimba simunakaike pansi.”

“Ufa.”

“Ufa wa makona? Madala, tulutsani. Tonse tikuzunzika pano.”

Anagwira kathumba. Ine sindine munthu wa ndewu, manja anga anazolowera makapu, koma tsiku limenelo ndinamugwira padzanja mpaka anakuwa.

“Mwini wake wa mbale imeneyi ali m'manda ku Halale,” ndinatero. “Yatsala ndi kulira kumodzi, ndipo kulirako kuli ndi mwini wake ku Kande. Ukafuna kuimva, tiye ukafike nane kumaliro.”

Anasiya. Ena anang'ung'udza kuti Atonga ndi odzimva, ine ndinati zikomo. Lole ya anthu a zamsewu inabwera n'kutikoka, ndipo tinafika ku Mzuzu tili matope okhaokha. Tayi ndinaichapa pa mpopi.

Kutsika ku Nkhata Bay sindikumbukira zambiri, kupatula kuti mabuleki ankanunkha. Pa Mpamba ndinayamba kumva Chitonga mbali zonse, mtima n'kukhala pansi pang'ono. Koma mtsinje wa Luweya unali utadzaza, galimoto sizinkawoloka. Tinawoloka pa bwato, bokosi ndi galamafoni zili pakati, kathumba ndili nako pamutu, mwini bwato akundinena kuti mwamuna wamkulu ndikusenza ngati mkazi wochokera ku chigayo. Ku Chintheche ndinapeza abale awiri a Eliya, amene anasenza katundu mpaka ku Kande. Uthenga wa imfa unali utafika kale pa waya. M'njira anandiuza kuti mudzi wonse unalira, koma NyaManda sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Akuti ananena kuti, “Ndilire yani? Amulire Mshona wakeyo.”

Mawa lake m'mawa anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Asibweni a Eliya, ndiye kuti amalume ake, anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali wosakonda zachibwana. NyaManda anakhala kumbali ya amayi, atafunda nsalu yakuda, maso ali pansi.

“Timuwoneni, ada,” anandilonjera asibweni.

“Yewu, ada.”

Ndinafotokoza matenda, imfa, ndi kumene tinamuika. Kenaka ndinatsekula bokosi, monga mwa mwambo, n'kutulutsa chinthu chimodzichimodzi kuti onse aone: jekete, mathalauza, nsapato, sizasi yake. Mbale zopindika ndinaonetsa n'kupepesa. Nditafika pa kathumba ndinanena mawu amene Eliya anandisiyira.

Asibweni anapukusa mutu.

“Pano ndi pamaliro, ada Yotamu. Nyimbo za m'mabala za ku Halale sizilira pano. Ikanakhala ya Mulungu, bwenzi tikumva.”

Ya Mulungu inali pomwepo pamphasa, itapinda ngati mbiya. Ndinayang'ana NyaManda, iye osadzutsa mutu. Ulendo wonse uja unali pafupi kuthera pa mawu amodzi a munthu mmodzi, ndipo ndinamva ukali ukukwera. Koma mkulu wa mpingo sulimbana naye ndi ukali.

“Ada, mwanena zoona,” ndinatero. “Koma ine ndine wonyamula katundu. Jekete mwaliona kuti silinang'ambike, sizasi mwaiyesa kuti ikudula. Galamafoni iyi ikapanda kuyesedwa pamaso pa anthu onsewa, mawa wina adzati Yotamu anabweretsa yakufa, yabwino anagulitsa ku Tete. Dzina langa ndilo ndili nalo. Sindiipereka isanalire, ndipo mbale yowongoka yatsala imodzi yokha.”

Amuna ena anavomereza kuti mwambo ndi umenewo. Asibweni anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Sanali munthu wopusa, anadziwa chimene ndinkachita.

“Yesani,” anatero. “Kamodzi.”

Ndinapisa dzanja mu ufa, n'kumasula malaya a Eliya, n'kupukuta mbale ndi mpango wanga. Ndinazula singano ija m'chipewa. Ndinaimanga pa galamafoni. Ndinapukusa, n'kutsitsa.

Poyamba kunangomveka phokoso ngati la mvula pa malata. Kenaka gitala inatuluka, yofooka koma yomveka, mzungu uja n'kuyamba kuimba. Ana anayandikira. NyaManda anadzutsa mutu, koma nkhope inali youma. Nyimbo inkayenda kulowera pakati, ine ndikuyang'ana singano ikuyandikira poyera paja. Itafika, mawu anazimirira. Tambala uja kunalibe. Kunangotsala kukanda, shwee, shwee, shwee.

Ndinayesa kuti ndayenda ulendo wonsewu kudzabweretsa chinthu chakufa.

“Alamu,” anatero NyaManda, ndipo kanali koyamba kumva mawu ake. “Pamenepo mwapaononga panjira?”

“Ayi, alamu. Chichokereni ku Halale sinalirepo. Anapamaliza yekha mwamuna wanu. Lamulungu lililonse ankabweza singano pamenepo, kubweza, kubweza, mpaka ine kuthawa m'nyumba. Zaka zonsezi.”

Mbale inali ikuzungulirabe pamalo opanda mawu paja. NyaManda anaiyang'ana. Kenaka, pamaso pa asibweni ndi mudzi wonse, anatsekula pakamwa n'kuponya mawu m'mwamba, ndendende pamene mzungu uja ankawaponyera, mokweza ngati akuitana munthu amene ali kunyanja. Ine amene ndinkaida nyimbo imeneyo tsitsi linandiimirira. Anaponya kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu mawu anathyokera pakati n'kusanduka kulira.

“Eliya wangu! Eliya wangu we!”

Amayi anamugwira, maliro n'kuyambiranso ngati uthenga wangofika kumene. Asibweni anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali.

Pogawa katundu galamafoni inapita kwa asibweni, jekete kwa mng'ono wake wa Eliya, nsapato kwa msuweni. Mbale ija palibe anaifuna, onse anati yatha. NyaManda anaitenga, n'kuikulunganso m'malaya a mwamuna wake. Ndinamuuza kuti ndikabwerera ku Halale ndidzafunafuna yatsopano, yomveka ponseponse, ndimutumizire.

Anapukusa mutu, chala chake chili poyera paja.

“Yatsopanoyo sadzakhala atailiza iye,” anatero. “Ndisiyireni yomweyi.”